COLAKWA CA M'MWAZI CIMENE CINACHINJIRIZA ANA KU MALUNGO

Nkhani yanga ya lero iri ya mwazi, ndi ya cibadwa cimene timalandira kwa makolo athu. Ndidziwa kuti ena akamva mau akuti cibadwa ayesa kuti ndi nkhani ya anthu a masukulu akulu okha-okha. Koma ndikupemphani kuti musatseke wailesi msanga, pakuti kapena nkhaniyi ikhudza mwana amene ali kugona m'nyumba mwanu usiku uno.

Ndiyambe ndi cinthu cimene inu mucidziwa koposa ine. Munthu wolowa m'cikepe kunka pansi pa mgodi abvala jombo zolemera ndi cipewa colimba cokhala ndi nyali. Pansipo palibe amene adandaula nazo, cifukwa mwala ukagwa, cipewaco ndico cisiyanitsa munthu wobwerera kwao ndi miyendo yake ndi munthu wonyamulidwa pa macira. Koma munthu yemweyo mutamuuza kuti akasewere mpira pa Sabata atabvala jombo zomwezo, adzakukanirani, ndipo akabvomera anzake onse adzamsiya m'mbuyo. Tsono jombozo ndi zabwino kodi, kapena zoipa? Simungandiyankhe kufikira nditakuuzani kumene munthuyo ali kupita. Sungani fanizoli, cifukwa tidzalifuna.

Thupi la munthu limangidwa ndi tizigawo ting'ono-ting'ono tosaoneka ndi maso, timene akatswiri atichula maselo. M'kati mwa maselo muli cinthu conga ulusi wautali wopiringizika, dzina lake DNA, ndipo pa ulusiwo palembedwa malangizo omangira thupi lonse. Malembo ake ndi anai okha, A, C, G ndi T, koma abwerezedwa-bwerezedwa kufikira akwana ngati 3,000,000,000 ocokera kwa atate, ndi ena oculuka comweco ocokera kwa amai. Mwana asanabadwe malembo onsewa ayenera kukopedwa, monga kalaliki akopa maina ndi manambala pa ofesi ya malipiro. Thupi ndi kalaliki wosamala kwambiri, koma palibe kalaliki amene salakwa konse. Mwana ali yense abadwa ndi zolakwa zatsopano ngati 60 kapena 70 zimene atate ake ndi amai ake analibe. Ine ndiri nazo, inunso muli nazo. Zambiri sizicita kanthu, zina zipweteka, ndipo zowerengeka zokha ndizo zithandiza. Pa Cingerezi colakwa cotere aciti mutation. Ine ndidzati colakwa ca m'malembo, koma mumvetse kuti sindinena chimo kapena mlandu wa munthu ai.

Nanga tidziwa bwanji kuti colakwa cakuti ndi coipa? Akatswiri a zamoyo ali ndi muyeso umodzi wouma mtima. Afunsa kuti, kodi amene ali naco akula, nabala ana angati amene nawonso adzakula ndi kubala? Colakwa cocepetsa ana otere cimanka cicepa m'fuko, ndipo cowonjezera cimanka ciculuka. Nkwapafupi kuganiza kuti colakwa ciri conse ciri ndi kulemera kwake kosasintha, monga thumba la cimanga lilemera cimodzi-modzi ku Kitwe ndi ku Chipata. Cimene ndifuna kukuonetsani lero ndi cakuti siziri tero. Kulemera kwake kusintha ndi malo, ndi mabvuto amene camoyoco cikomana nao, monga matenda, njala, kutentha, ndi mankhwala.

Tiyeni tione nthenda imene ambiri a inu munaimva ku cipatala, ija aiti sickle cell. M'mwazi muli maselo ofiira, obulungira ndi ofewa, amene nchito yao ndi kunyamula mpweya wabwino kucokera ku mapapo kunka ku thupi lonse. Cimene cinyamula mpweyawo acichula haemoglobin. Gawo lina la haemoglobin liri ngati unyolo wa mphete 146. Mwa anthu ena, lemba limodzi lokha linasintha, A inasanduka T, ndipo cifukwa ca ico mphete yacisanu ndi cimodzi ya unyolowo ikhala yamtundu wina. Taganizani, lemba limodzi pakati pa zikwi za zikwi! Koma mpweya ukacepa m'mwazi, haemoglobin yotereyo igwirana-gwirana niuma, ndipo selo lija lobulungira lipindika ngati cikwakwa comwetera udzu. Ndiko kunacokera dzinalo, pakuti sickle ndi cikwakwa. Maselo opindika atseka timisempha ting'ono, ndipo safika patali. Selo labwino likhala masiku ngati 120, koma lopindika lifa patapita masiku 10 kapena 20.

Amai ena amene muli kumvera mudziwa kale zotsatira zake. Khanda likafika miyezi ngati isanu ndi umodzi liyamba kutupa manja ndi mapazi, lilira usiku wonse osatonthola, maso acita cikasu, mwazi ucepa kawiri-kawiri, kapamba atupa. Mwana akasinkhuka adandaula kuti mafupa ali kuphwanya, maka-maka nyengo yozizira. Dotolo James Herrick wa ku Chicago ndiye anayamba kulemba za maselo opindikawa m'caka ca 1910. M'caka ca 1949 Linus Pauling ndi anzake anaonetsa kuti cobvuta ciri m'haemoglobin, ndipo m'zaka za 1956 ndi 1957 Vernon Ingram wa ku Cambridge anapeza mphete imodzi ija imene inasintha.

Pano ndifuna kuti abambo achere khutu bwino-bwino. Munthu ali yense alandira malangizo a haemoglobin kawiri, kamodzi kwa atate ndi kamodzi kwa amai. Wolandira abwino mbali zonse ziwiri madotolo amlemba AA. Wolandira colakwaco mbali imodzi yokha amlemba AS, ndipo munthu wotere sadwala nthendayi. Agwira nchito, akwatira, akalamba, ndipo kawiri-kawiri sadziwa n'komwe kuti anyamula kanthu. Wodwala ndi uja walandira colakwaco mbali zonse ziwiri, amene amlemba SS. Ndiye kunena kuti palibe mwana wa SS amene anatengera nthendayi kwa mai wake yekha. Bambo ndi mai onse awiri anaperekapo. Ngati onse awiri ali AS, pa mimba iri yonse pali mwai umodzi mwa inai kuti mwanayo adzakhala SS, iwiri mwa inai kuti adzakhala AS, ndi umodzi kuti adzakhala AA. Ndanena kuti pa mimba iri yonse, pakuti mimba siikumbukira inzake. Banja lina libala ana anai osadwala ndi mmodzi yemwe, lina libala atatu odwala motsatana. Maukwati ambiri anatha cifukwa ca ici, mkazi atabwezedwa kwao kuti mwazi wake ndi woipa, ndipo agogo ambiri anachulidwa mfiti popanda cifukwa. Mwamuna wothamangitsa mkazi pa nkhani imeneyi atenga theka la colakwaco kunka nalo ku ukwati watsopano.

Ndipo mudziwe kuti zina za nzeru zimenezi zinapezeka m'dziko lathu lino. Masiku aja dziko likali kuchedwa Northern Rhodesia, panali dotolo dzina lake E. A. Beet. Iyeyu anayesa mwazi wa mabanja a Alala m'boma la Serenje, nalondola makolo ndi ana ao, ndipo m'caka ca 1949 analemba kuti wodwala ndi uja watengera mbali zonse ziwiri. Caka comweco James Neel wa ku America anapeza zomwezo payekha.

Tsono apa ndipo panabuka funso limene linazunguza mitu ya akatswiri. Masiku akale ana ambiri a SS ankafa asanafike pa msinkhu wobala. Mwana wotere akafa, zolakwa ziwiri zinaikidwa naye m'manda. Mwa muyeso uja ndanena, colakwa cotere cinayenera kucepa mbadwo ndi mbadwo kufikira citasowa. Nanga cinali kuculukiranji m'maiko ambiri a Africa, kotero kuti kwina munthu mmodzi mwa anai kapena asanu ali AS? Cinalipo cimene cinali kubwezera zotayikazo, koma palibe anacidziwa.

Dotolo Beet yemweyo anaona kanthu poyamba. M'caka ca 1946, ali kugwira nchito m'boma la Balovale, limene lero ticha Zambezi, analemba kuti tizirombo ta malungo tinali kupezeka pang'ono mwa anthu a maselo opindika koposa mwa anzao. Amene anaitsata nkhaniyi kufikira pa mapeto ndi Anthony Allison, mnyamata wokulira ku Kenya amene anaphunzira ku Oxford. M'caka ca 1949 anayenda m'dziko la Kenya ali kuyesa mwazi wa mitundu yosiyana-siyana. Anapeza kuti m'mbali mwa nyanja yamcere ndi m'mbali mwa nyanja ya Victoria, kumene kuli kotentha ndi kwa udzudzu wambiri, anthu 20 kapena 30 pa 100 anali AS. Koma ku mapiri ozizira kumene malungo safika kweni-kweni, sanakwane ndi mmodzi yemwe pa 100. Anabweranso nayesa ana a ku Uganda, ndipo m'caka ca 1954 anasindikiza zimene anapeza, kuti munthu wa AS achinjirizidwa ku malungo.

Mufuna kudziwa kuti achinjirizidwa motani. Kacirombo ka malungo kakalowa m'thupi mwa kulumidwa ndi udzudzu, kayamba kakhala m'ciwindi, kenaka kalowa m'maselo ofiira, nikadya haemoglobin ndi kuswana m'menemo. M'selo la munthu wa AS kacirombo sikakula bwino, ndipo selo limene kalowamo lifulumira kupindika, kotero kuti kapamba alicotsa msanga pamodzi ndi mlendo wakeyo. Akatswiri akali kufufuza njira zina zimene zithandizana ndi imeneyi. Koma za kukula kwa cithandizoco palibe cikaiko. Pofufuza ana a ku Kilifi, m'mbali mwa nyanja ku Kenya, anapeza kuti malungo oopsya, aja agwira ubongo kapena kutha mwazi, acepa ndi magawo ngati 9 mwa 10 pakati pa ana a AS.

Taonani tsono m'mene zinali kuyendera m'mudzi wa ku dambo zaka mazana-mazana zapitazo, kopanda kwinini, kopanda neti. Mwana wa SS anafa ndi nthenda ya mwazi. Ana ambiri a AA anafa ndi malungo. Amene anapyola ngozi zonse ziwiri anali a AS, ndipo iwowa ndiwo anakula nabala, napatsira colakwaco kwa ana ao. Malungo ndiwo anali kucisunga. M'mudzi wa ku phiri kopanda udzudzu, colakwa comweco cinalibe phindu liri lonse, cinangotsala ndi kuipa kwake, ndipo cinazimirira. Lemba ndi lomwelo, mwazi ndi womwewo. Casiyana ndi udzudzu. Ndizo jombo zathu zija, pansi pa mgodi ndi pa bwalo la mpira.

Ndikucenjezeni msanga, pakuti ndidziwa kuti wina wanena kale mu mtima kuti, ine ndine AS, neti ndiribe nayo nchito. Iai. Munthu wa AS agwidwa malungo monga ena, ndipo angathe kufa nao. Cacepa ndi ngozi yokha, siinathe. Ndipo kwa mwana wa SS malungo ndi mdani woposa onse, cifukwa apeza mwazi uli wocepa kale.

Malo nawonso asintha, ndipo inu a ku Luanshya mudziwa mbiri yake. Pamene anali kutsegula mgodi wa Roan Antelope kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, anthu anali kufa ndi malungo, kamwazi ndi nthenda zina, kotero kuti mbiri inamveka m'midzi yakuti mu mtsinje wa Luanshya muli cinjoka cimene ciri kutha anthu, ndipo anchito ambiri anathawa. Eni mgodi anaitana Sir Malcolm Watson wa ku Ross Institute ku London, amene anali atalimbana kale ndi udzudzu ku Malaya. Kuyambira ca m'ma 1930 anawongola mtsinje kuti madzi athamange, anakumba ngalande m'madambo, anathira mafuta pa zithaphwi, nalambula mathengo. Zotere zinacitikanso ku Nkana, ku Mufulira ndi ku Nchanga. Akatswiri amene anawerenganso mabuku a migodiyo pambuyo pake anapeza kuti pa zaka zitatu kufikira zisanu, kudwala ndi kufa ndi malungo kunatsika ndi magawo 70 kufikira 95 pa 100. Tsono mwana wa AS wobadwira m'komboni masiku amenewo sanapose mnzake wa AA monga akadamposera ku mudzi wa ku Luapula. Phindu la colakwaco linatsika pamodzi ndi madzi a m'ngalande. Sindinena kuti malungo anatha ku migodi, pakuti alipo ndi lero lomwe, ndipo ngalande zikatsekeka udzudzu subwera mocedwa.

Ku America kuli cinthu cofanana. Makolo a anthu akuda a kumeneko anatengedwa ukapolo kucokera ku maiko a malungo a kuno ku Africa. Malungo anathetsedwa m'dziko la United States ca m'ma 1951. Lero mwa ana akuda obadwa kumeneko, ngati mmodzi mwa 13 ndiye ali AS, ndipo kumeneku ndi kucepa poyerekeza ndi maiko ambiri kumene makolo ao anacokera. Cifukwa cina ndi kukwatirana ndi mitundu ina, koma cina ndi cakuti colakwaco cinataya cocisunga. Komabe sicicoka msanga. Malo asintha pa zaka khumi, koma mwazi wa fuko ufuna mibadwo yambiri.

Kufikira pano ndanena za bvuto limene lisandutsa colakwa kukhala cothandiza. Liripo bvuto lina limene licita zosiyana, ndipo likhudza inu ogwira nchito yolemetsa kumalo otentha. Ndanena kuti munthu wa AS sadwala, ndipo ndi zoona pa moyo wa masiku onse. Koma akaumirizidwa kuthamanga kapena kugwira nchito mopyola muyeso, pa kutentha kwakukulu, alibe madzi akumwa, maselo ake ena angathe kupindika, ndipo minofu ndi impsyo zingaonongeke. M'caka ca 1987 madotolo a ku America analemba kuti pakati pa anyamata ophunzira usilikari, a AS anali kufa mwadzidzidzi pa maphunziro olimbitsa thupi kawiri-kawiri koposa anzao. Pambuyo pake ankhondo anakhwimitsa malamulo a kumwa madzi, kupumula, ndi kuzolowera kutentha pang'ono-pang'ono, ndipo malamulowo anali a asilikari onse, osasankha mwazi. M'caka ca 2016 anawerenganso asilikari akuda 47,944, ndipo anapeza kuti a AS sanali kufa koposa anzao, ngakhale kuti kuonongeka kwa minofu kunali kowonjezerako pang'ono. Ine ndiona kuti nkhani imeneyi iyenera kufika kwa akapitao onse. Palibe cifukwa cocotsera munthu nchito cifukwa ali AS. Cofunika ndi madzi, mpweya wokwanira ndi kupumula, ndipo zimenezi ziyenera munthu ali yense wogwira nchito pansi. Mnzanu akagwa ndi kutopa pa malo otentha, nanena kuti miyendo yauma, musamuyese waulesi.

Tsopano titembenuke tione mbali ya mdani, pakuti kacirombo ka malungo nakonso kali ndi malembo ake, ndipo nakonso kalakwa pokopa. Akulu-akulu mukumbukira mankhwala a chloroquine, owawa aja, amene ena ankayabwa nao thupi lonse. Zaka zambiri anali kuciritsa bwino ndi pa mtengo wocepa. Koma ku Asia kunabadwa tizirombo tokhala ndi zolakwa zimene zinatithandiza kutaya mankhwalawo asanatiphe. Tinafika kum'mawa kwa Africa ca m'ma 1978, ndipo tinafalikira. Kwa kacirombo, chloroquine ndiye anali bvuto la pamalo, monga malungo ali bvuto kwa ife. Pamene anthu onse anali kumwa chloroquine, tizirombo wamba tinafa, ndipo tolakwika tija ndito tinatsala ndi kuswana.

M'caka ca 1993 dziko la Malawi linaleka chloroquine niliyamba Fansidar, ndipo linali loyamba mu Africa kucita tero. Akatswiri a ku Blantyre anayesa mwazi wa odwala wa zaka zosiyana-siyana. M'caka ca 1992, pa 100 pali ponse, 85 anali ndi tizirombo tokana chloroquine. Pofika caka ca 2000 anatsala 13. M'caka ca 2005 anayesanso kupatsa ana odwala chloroquine pansi pa maso a madotolo, ndipo 99 pa 100 anacira. Cinacitika n'ciani? Colakwa cija cinali ndi mtengo wake. Kacirombo kokhala naco sikaswana msanga monga kanzake, koma pokhala mankhwala analipo, mtengowo unali woyenera kulipira. Mankhwala atacoka, kanatsala kali kuthamanga ndi jombo pa bwalo la mpira, ndipo tinzake tinakapitirira. Kuno kwathu ku Zambia Coartem anayamba kulowa m'malo mwa chloroquine m'caka ca 2003. Musamve ngati ndakuuzani kuti mukafune chloroquine ku msika. Anthu akayambanso kumwa mwacisawawa, tizirombo tokana tija tidzabwerera, pakuti bvuto limene lititukula lidzakhala labwerera. Imwani cimene cipatala cakupatsani, ndipo mutsirize mapiritsi onse.

Wina angafunse kuti, kodi pali lamulo limodzi pa zonsezi? Anthu ambiri, ndi akatswiri omwe, ankaganiza kuti liripo, lakuti nthawi ya mabvuto colakwa coipa ciri conse ciipiratu, monga denga lothonya lioneka nthawi ya dzinja. Ndi ganizo lomveka, ndipo nthawi zina litero ndithu. Koma poliyesa linapezeka kuti silikwanira. Pakuti sangayese pa anthu, ayesa pa tamoyo toswana msanga, monga mabakiteriya, yisiti yofufumitsira buledi, ndi tinchenche ta pa zipatso zoola. M'caka ca 2003 Roy Kishony ndi Stanislas Leibler a ku New York anatenga mabakiteriya okhala ndi zolakwa zowafooketsa, nawalera pamodzi ndi abwino m'malo osiyana-siyana obvuta. Anadabwa kuona kuti pa kuzizira, ndi pa mankhwala ena, kusiyana kwa olakwika ndi abwino kunacepa m'malo mwa kukula. Njira imodzi yomvetsera ici ndi iyi. Pa mseu wa tala, lore yatsopano isiya kutali lore ya injini yotha. Koma pa mseu wa matope zonse ziwiri zikwawa, ndipo kuipa kwa injini sikuoneka kweni-kweni, cifukwa cocedwetsa tsopano ndi matope. M'caka ca 2010 Aneil Agrawal ndi Michael Whitlock a ku Canada anasonkhanitsa zofufuza zambiri zotere, ndipo sanapeze lamulo limodzi. Bvuto lina likulitsa kuipa kwa colakwa, lina licepetsa, lina silisintha kanthu. Cimene cioneka kawiri-kawiri ndi cakuti pa malo acilendo ndi obvuta zolakwa zimwazikana, zina ziipa koposa, ndipo zina zocepa, zimene zinali zacabe pa mtendere, zisanduka zothandiza. Ciri conse ciyenera kufunsidwa pacokha, kuti colakwa citi, pa bvuto liti.

Nditsirize ndi mwana wa SS, pakuti iyeyu ndiye alipira mtengo wa zonsezi. Caka ciri conse ana oposa 300,000 abadwa ndi nthendayi pa dziko lonse lapansi, ndipo ambiri a iwo abadwira kuno ku Africa. Akatswiri ayerekeza kuti m'madera a Africa kumene kulibe cithandizo, theka la ana otere, kwina oposa theka, afa asanakwane zaka zisanu. Koma ku Britain ndi ku America oposa 9 mwa 10 akula kufikira ukulu. Lemba lolakwika ndi lomwelo, ndipo zimene zisiyanitsa ana awiriwa siziri zozizwitsa. Mwana ayesedwa mwazi akali khanda, kuti adziwike asanayambe kudwala. Amwa penisilini masiku onse kufikira zaka zisanu, alandira katemera yense, agona m'neti, amwa madzi ambiri, ndipo afunditsidwa nyengo ya cisanu. Alipo mankhwala ochedwa hydroxyurea, amene athandiza thupi kupanganso haemoglobin ija mwana anali nayo ali m'mimba, imene siipindika. M'caka ca 2019 madotolo amene anawayesa pa ana a ku Angola, ku Congo, ku Kenya ndi ku Uganda analemba kuti kupweteka kwa mafupa kunacepa, kuthiridwa mwazi kunacepa, malungo anacepa, ndi imfa zomwe zinacepa. Kumapeto kwa caka ca 2023 maiko a Britain ndi America anabvomereza njira yokonza malembo eni ake m'maselo a wodwala, koma mtengo wake uposa madola 2,000,000 pa munthu mmodzi, kotero kuti sindikulonjezani kanthu pa imeneyo.

Inu anyamata ndi atsikana amene muli pa cibwenzi, kafunseni ku cipatala za kuyesa mwazi, kuti mudziwe ngati muli AA kapena AS musanatumize ankhoswe. Mukapezeka nonse awiri AS, palibe amene angakuletseni kukwatirana, koma mudzalowa m'banja muli kudziwa, ndipo ana anu mudzawayesetsa akali makanda. Ndipo inu amene muli naye kale mwana wa SS, sungani ici. Thupi lake likatentha, kapena akayera milomo ndi m'manja mwadzidzidzi, kapena mimba ikatupa mbali ya kumanzere, kapena akabanika popuma, musayembekeze kuti kuce. Mnyamuleni usiku womwewo, ndipo pofika muuze namwino poyamba peni-peni kuti mwanayu ndi wa sickle cell.

Tsalani bwino nonse.